Uthenga umene unagona m'njira usiku wa mwera

Uthengawo ndinaulemba cha m'ma 4 koloko madzulo, nditangomva pa wailesi kuti a zanyengo akuchenjeza za mwera. Mawu ake anali ochepa: "Atsibweni, mwera ukubwera usiku uno, musalowe kwakuya." Foni inandionetsa kuti wapita, mtima wanga n'kukhala pansi. Sindinadziwe kuti tsikulo atsibweni ndi anyamata awo anali atalawirira, chifukwa usipa unali utathawira kutali ndipo ankafuna kukafika dzuwa lisanalowe.

Mphepo inayamba cha m'ma 9 usiku. Amene munakulira kuno ku Nkhotakota mukudziwa mmene nyanja imalirira mwera ukakwiya: imachita kumveka m'chifuwa, ngakhale uli m'nyumba yotseka. Mayi sanagone. Anakhala pakhonde atafunda chitenje, akuimba nambala ya mlongo wawo mobwerezabwereza, n'kumangomva mawu aja akuti nambalayi sikupezeka. Kutacha tinamva kuti boti linakakocheza kumpoto, cha kufupi ndi Dwangwa, anthu onse ali moyo koma chilimira chitang'ambika ndipo nyali ziwiri zitamira. Atsibweni anandiuza pambuyo pake kuti atangoponda mchenga, kafoni kawo ka mabatani, kamene amakamanga m'jumbo ya shuga, kanalira. Unali uthenga wanga uja.

"Mphwanga," anatero, "mawu ako ndawalandira. Koma anali kuti usiku wonse?"

Funso limenelo ndakhala nalo mpaka lero. Yankho lake lapafupi ndinkalidziwa, popeza ndisanatsegule benchi yanga yokonzera mafoni pa boma pano, ndinagwirapo ntchito zaka zingapo ndi gulu lina losamalira nsanja za netiweki, kunyamula mabatire, kuthira dizilo m'majenereta, kukwera ndi lamba m'chiuno. Koma yankho lalitali, loti netiweki imamangidwa poganizira ndani, ndi limene likundilembetsa lero.

Anthu ambiri amaganiza kuti nsanja ija ndiye netiweki. Ayi, nsanja ndi khutu ndi pakamwa chabe. Pamwamba pake pamakhala ma antena aataliatali, kawirikawiri oyang'ana mbali zitatu, aliyense kusamalira chigawo chake. Palinso zozungulira ngati ng'oma zija, zimene zimaponya mawu kupita ku nsanja ina, inayo n'kuponyanso kwina, ngati pansi palibe waya wa faiba. Zonsezi zimakathera ku likulu la netiweki, kumene akatswiri amakutcha core. Kumeneko ndiye kuli mutu. Kuli kaundula amene amadziwa kuti simu khadi iliyonse inaoneka komaliza m'dera liti. Kulinso makina otchedwa SMSC, amene ntchito yake ndi ya munthu wosunga makalata: amalandira uthenga, amafunsa kaundula kuti mwini wake ali kuti, akamupeza amamupatsa, akapanda kumupeza amausunga n'kumayesanso. Foni ikangobwerera m'netiweki, kaundula amadziwitsa wosunga makalatayo kuti mwini uja wapezeka. Choncho foni yanga sinaname ponena kuti uthenga wapita. Unapitadi, koma unakagona pa wosunga makalata, kudikira kuti atsibweni afike pamene nsanja ingawamve.

Nanga pa nyanja, poti palibe phiri kapena mtengo wotchinga, bwanji netiweki imatha? Pali zifukwa zingapo. Netiweki ya 2G, imene timafoni ta mabatani timadalira, inapangidwa ndi malire a makilomita 35 kuchokera pa nsanja, chifukwa foni iliyonse imapatsidwa kanthawi kake kochepetsetsa koyankhulira, ndipo ikatalikitsa mawu ake amafika mochedwa n'kulowerera m'nthawi ya inzake. Koma munthu wa m'boti sayandikira n'komwe malire amenewo. Kafoni kali ndi mphamvu zochepa, kali pansi penipeni pakati pa mafunde, ndipo ma antena ambiri amayang'anitsidwa kumsewu wa M5, kumisika ndi kumidzi, ataweramitsidwa pang'ono kuti amve anthu a pamtunda. Si nkhanza ayi. Woika nsanja amawerengera kumene kuli anthu ambiri ogula mayunitsi. Koma nyanja usiku imakhala ndi mudzi wathunthu woyandama, nyali zake kuchita ngati tawuni, ndipo mudzi umenewo pa mapu a omanga netiweki umaoneka ngati madzi chabe.

Ine SMS ndimailemekeza kwambiri. Yoyamba inatumizidwa pa 3 Disembala 1992 ku Britain, pa netiweki ya Vodafone, ndi injiniya wina dzina lake Neil Papworth, ndipo unali uthenga wa Khirisimasi wa mawu awiri. Nzeru yake inali yakuti uthenga usadutse m'njira imene mawu a oimba foni amadutsa, koma m'kanjira kam'mbali kamene foni ndi nsanja zimanong'onezana za ntchito, monga "ndili pano" kapena "wina akukufuna". Ndiye chifukwa chake pamaliro aakulu, kapena pabwalo pakakhala mpira, kuimba kumakanika koma meseji imapyola. Kanjirako n'kopapatiza, kamanyamula zilembo 160 basi.

Pa zilembozi pali nkhani ina imene inandikhudza nditaimvetsa. Mndandanda wa zilembo za SMS unakonzedwa poganizira zinenero za ku Ulaya, ndipo mulibemo ŵ wathu uja wachipewa. Mukangomulemba kamodzi, monga m'mawu akuti Malaŵi, foni imasinthira ku kalembedwe kena kamene kamadya malo ambiri, ndipo uthenga umodzi umangokwana zilembo 70. Mphunzitsi wina wopuma anabwera pa benchi yanga akudandaula kuti foni yake ikumudyera mayunitsi. Foniyo inalibe vuto. Bamboyo ankangolemba Chichewa chake mosamala monga anaphunzirira, ndipo meseji iliyonse inkaduka pawiri kapena patatu. Chinthu chaching'ono, komabe chimasonyeza kuti zimene anthu agwirizana m'chipinda china kutali zimakafika mpaka m'thumba la munthu wa ku Linga.

Mnzake wa SMS ndi manambala oyamba ndi nyenyezi aja, otchedwa USSD. Iwowa sasunga kalata. Ali ngati kucheza pa zenera: mwafunsa, ayankha, mwasankha 1, ayankhanso, ndipo netiweki ikaduka pakati nkhani yatha, muyambirenso. Airtel Money inayamba m'dziko muno mu 2012, Mpamba ya TNM mu 2013, ndipo kuyambira pamenepo malonda a pagombe anasintha. Pitani m'mawa pamene maboti akukocheza mukaone. Amayi a geni ochokera ku Lilongwe ndi ku Kasungu sayendanso ndi mpukutu wa ndalama pa mchombo monga kale. Amapikisana mtengo wa chigoba cha usipa, akamvana amadinadina foni, ndipo mwini boti salola kuti nsomba zichoke pa thandala mpaka meseji yotsimikiza italira m'thumba mwake. Meseji imeneyo ndiyo risiti, ndiyo mboni. Ndinaonapo anthu awiri akuluakulu atangoima duu kwa theka la ola, wina akuti ndatumiza, wina akuti sizinafike, onse akunena zoona. Zinthu ziwiri zakale zimenezi, SMS ndi USSD, ndizo zasenza chuma cha m'mbali mwa nyanja, ngakhale zikwangwani za m'tauni sizizitchula.

Tsono za m'tsogolo. Netiweki ya 2G inamangidwa ngati kuti munthu aliyense woimba amatsegulidwira ngalande yakeyake mpaka atamaliza kuyankhula. 4G, imene inayamba kugwira ntchito ku Stockholm ndi ku Oslo kumapeto kwa 2009, inasiya zimenezo. Kumeneko chilichonse, mawu, chithunzi, kanema, chimadulidwa tizidutswa n'kuyenda monga zimayendera za pa intaneti. Pachifukwa ichi 4G payokha inalibe njira ya kuimba kwachizolowezi. Mukaona foni yanu ikutsika kuchoka pa 4G kupita pa 3G kapena 2G mukangoyamba kuimba, ndiye kuti ikubwerera ku ngalande zakale. Pamene pali VoLTE, mawu amayenda pa 4G pomwepo osatsika.

5G malamulo ake oyamba anamalizidwa mu 2018 ndi bungwe la 3GPP, limene limagwirizanitsa opanga mafoni ndi makampani a netiweki padziko lonse, ndipo kuno TNM inayamba kuiyesa mu 2023. Anthu amangomva za liwiro, kuti kanema azitsika mwachangu. Kwa ine kusintha kwakukulu kuli ku likulu kuja. Kale ntchito iliyonse inali ndi chimakina chake, bokosi lachitsulo lodula. Mu 5G likulu ndi mapulogalamu ang'onoang'ono oyenda pa makompyuta wamba, wina woona kumene foni ili, wina wotsimikiza kuti simu ndi yeniyeni, wina wowongolera data, onse akufunsana ndi kuyankhana. Ndipo pakati pawo anasiyapo mmodzi, SMSF, wongosamalira SMS. Nditaona zimenezo ndinasangalala, chifukwa zikutanthauza kuti ngakhale omanga za mawa sanayerekeze kutaya kauthenga ka zilembo 160.

Likulu likakhala mapulogalamu, netiweki imodzi itha kugawidwa magawo, gawo lililonse ndi lonjezo lake. Taganizirani M5 itakhala ndi mbali imene ambulansi yokha ndiyo imadutsa, ngakhale malole a nzimbe atadzaza msewu. Gawo lina litha kukhala la zipatala, lina la ndalama za pa foni, lina la machenjezo, ndipo anyamata oonera mpira sangalitsekereze. Izi zimatheka pokhapokha likulu lenilenilo litakhala la 5G, osati kungomangirira ma antena atsopano pa likulu la 4G, monga maiko ambiri anayambira. Palinso nkhani ya mafunde a wailesi amene foni ndi nsanja zimayankhulirana. 5G ya liwiro lalikulu imakonda mafunde a cha m'ma 3.5 GHz, amene safika patali ndipo amafuna nsanja zambiri zoyandikana. Mafunde otsika, a 700, 800 kapena 900 MHz, ndiwo amayenda mtunda wautali n'kulowa m'nyumba ndi m'zigwa. Kwa ife a kunyanja ndi a kumidzi ya kuphiri, funso si lakuti G wachingati, koma mafunde ati, ndipo antena yayang'ana kuti.

Za mauthenga amakono sindichedwapo. Pali RCS, imene cholinga chake ndi kulowa m'malo mwa SMS, yotha kunyamula zithunzi ndi kuonetsa kuti uthenga wawerengedwa. Apple inailola m'mafoni ake mu 2024. Pali WhatsApp imene tonse tikuidziwa. Zonsezi zimafuna foni yamakono ndi bandulo. Chimodzi chokha chimene ndimachisirira kumeneko ndi uthenga wa mawu. Azakhali anga sadziwa kuwerenga, koma amatumizirana mawu ndi mwana wawo ali ku Johannesburg tsiku ndi tsiku. Boma lathu lino lili ndi oyankhula Chichewa, kumpoto kuli Atonga, m'magombe muli Ayao ndi ena obwera kudzasodza. Chenjezo lolembedwa m'Chingerezi, ngakhale litafika pa nthawi yake, kwa ambiri limakhala ngati silinafike.

Ndipo SMS ili ndi bala lake limene sindingabise. Siitsimikiza kuti wolemba ndi ndani. Ndani mwa ife sanalandirepo uthenga wakuti "ndalama ija tumizani pa nambala iyi", kapena wonamizira kuti mwalandira ndalama molakwika? MACRA inalamula kuti simu khadi zonse zilembetsedwe mu 2018, koma akathyali sanathe. Pa benchi yanga pamafika agogo ogwetsa misozi, foni ili bwinobwino, ndalama za feteleza zitapita. Njira iliyonse ya mauthenga imene ikubwera iyenera kukhala ndi chidindo chimene wakuba sangachipange, ndipo chidindocho chizioneka ngakhale pa kafoni kotchipa.

Koma chimene ndimachilakalaka koposa si chatsopano n'komwe. Chimatchedwa Cell Broadcast, ndipo chinalipo kuyambira nthawi ya 2G. SMS imafuna nambala. Ukafuna kuchenjeza anthu ambirimbiri uyenera kudziwa manambala awo onse, n'kuwatumizira mmodzimmodzi, mauthengawo n'kumaima pamzere. Cell Broadcast ili ngati mfumu ikatuma mnyamata kukwera pachulu kukalengeza: nsanja imafuula kamodzi, foni iliyonse imene ili m'dera lakelo imamva, kaya ndi ya mwini mudzi, ya mlendo, ya dalaivala wongodutsa. Siifuna mayunitsi, siifuna bandulo, ndipo netiweki ikathinana iyo imadutsabe. Ku Japan amachenjeza nayo za zivomerezi, ku Netherlands ndi ku America anayamba kuigwiritsa ntchito pa ngozi mu 2012, ndipo Britain inayesa yake m'dziko lonse mu Epulo 2023. Mlembi wamkulu wa United Nations, António Guterres, analengeza mu 2022 cholinga chakuti pofika kumapeto kwa 2027 munthu aliyense padziko azitetezedwa ndi chenjezo lofika msanga.

Ndikamaganiza za zimenezi ndimakumbukira kumapeto kwa Febuluwale 2024, pamene madzi anasefukira ku Dwangwa, anthu zikwizikwi n'kusiya nyumba zawo ndipo msewu wa M5 n'kuduka. Madzi a mtsinje samayambira pamene akuonongera. Mvula imagwa kumtunda, ndipo pamakhala nthawi, ngakhale yochepa, madzi asanafike kuchigwa. Nthawi imeneyo ndi yokwanira kudzutsa ana ndi kumasula mbuzi. Anzathu a kummwera anaona zoopsa kuposa apa ndi namondwe Freddy mu Malichi 2023. Ndimafuna tsiku lina foni iliyonse ya m'chigwa cha Dwangwa, cha Bua, cha Kaombe izilira kulira kwachilendo kumene aliyense akukudziwa tanthauzo lake, ndi mawu a m'chinenero chathu. Za mwera n'chimodzimodzi. Atsibweni anga sakanafunika kukhala ndi mphwawo womvera wailesi. Nsanja yomaliza imene anaidutsa ikanawauza yokha.

Nanga amene apyola kale nsanja yomalizayo? Apa ndi pamene setilaiti ikubwera. Mu 2022 a 3GPP anaika m'malamulo awo njira yoti foni iziyankhula ndi setilaiti mwachindunji, ndipo chaka chomwecho iPhone 14 inatuluka ikutha kutumiza uthenga wa ngozi kumalo kopanda nsanja. Starlink, imene inayamba kugwira ntchito m'Malawi mu 2023 kudzera m'mbale zake zija, inayesa kutumiza meseji kuchokera kumwamba kupita pa foni wamba ya 4G kumayambiriro kwa 2024. Onani kuti paliponse chimene chikuyamba kutheka ndi meseji yaifupi, chifukwa ndiyo imapyola pa kanjira kofooka. Omwe akukonza 6G, imene ikuyembekezeka cha m'ma 2030, akufuna kuti nsanja ndi setilaiti zikhale netiweki imodzi, foni izingochoka kwina kupita kwina mwini wake osadziwa. Zikadzatero, pakati pa nyanja padzakhala pofikika. Nkhawa yanga ndi mtengo, ndiponso foni imene idzafunike.

Pakuti pali chinthu chimene chimandisowetsa tulo. Maiko ena azimitsa kale 2G kuti mafunde ake agwiritsidwe ntchito ndi 4G ndi 5G. Singapore inatero mu 2017. Pa nzeru za uinjiniya n'zomveka, chifukwa kusamala mibadwo inayi ya makina pa nsanja imodzi kumadya magetsi ndi ndalama. Tsiku limenelo lidzafika kunonso. Koma kafoni ka mabatani sikuti anthu amakakonda chifukwa cha umbuli. Batire lake limatha masiku angapo, kamagwa pamchenga osasweka, kakamira m'madzi munthu amalira tsiku limodzi n'kugula kena. Msodzi amene amakhala usiku wonse m'madzi sangadalire foni ya galasi yofuna kutchaja madzulo alionse. Timafoni ta mabatani ta 4G tilipo, ndipo ndimafuna titatchipa ndi kudzaza m'misika 2G isanazime, osati itazima kale. Apo ayi, tidzadzuka tsiku lina mayi wa geni akudina nyenyezi koma osayankhidwa.

Zonsezi zimaima pa magetsi ndi waya. Ndinagwirapo ntchito pa nsanja ina imene mabatire ake anabedwa kawiri m'chaka chimodzi, ndipo nyengo ya mvula galimoto ya dizilo inkalephera kuwoloka. Nsanjayo ikazima, zinzake ziwiri za kutsogolo zinkazima nayo, popeza mawu awo ankadutsira pa iyo. Ku Salima kuli munda waukulu wa sola wa mamegawati 60 umene unayamba kupereka magetsi mu 2021. Dzuwa lomwelo likuwala pa nsanja iliyonse ya m'mbali mwa nyanja. Kunja kwa dziko nakonso timadalira ena. Tilibe nyanja yamchere, ndiye intaneti yathu imadutsa m'maiko oyandikana nafe kukalumikizana ndi mawaya a pansi pa nyanja monga SEACOM ndi EASSy. Pa 12 Meyi 2024 mawaya awiriwa ataduka, maiko a kum'mawa kwa Afirika, ife tomwe, tinaona intaneti ikukwawa. Uthenga wa pa WhatsApp wopita kwa mnansi wa kuseri kwa mpanda umayamba wakazungulira ku makompyuta a kunja, pamene SMS imathera m'dziko momwemuno. Omanga netiweki ya mawa amakamba zobweretsa mbali ina ya likulu kufupi ndi anthu. Ndikadakhala pa tebulo lawo ndikadapempha chinthu chimodzi: waya wa ku Lilongwe ukaduka, nsanja za m'boma lino zizitha kupatsirana mauthenga ndi machenjezo pazokha. Komanso thumba la Universal Service Fund, limene MACRA imayang'anira kuti netiweki ifike kumene malonda sangaifikitse, liziwerengera nyanja ngati malo okhala anthu.

Atsibweni anasoka chilimira chawo, ndipo akusodzabe. Anandiuza kuti tsopano ali ndi chizindikiro chawo. Akamalowa m'nyanja amayang'ana nyali yofiira ya pamwamba pa nsanja. Ikayamba kutsikira m'mitengo ya kumtunda, amauza woyendetsa kuti achepetse injini, amamasula jumbo ija, n'kuona ngati pali uthenga. Kupyola pamenepo amakhala okha ndi Mulungu wawo. Ine ndinasintha nthawi: nyengo ya mwera ndimafufuza za mphepo masana, ndipo pofika 2 koloko ndimakhala nditalemba, mwachidule, popanda chilembo chachipewa, kuti uthenga ukhale umodzi.

Dzulo ndinalemba kuti nyanja ikhala bata mpaka m'bandakucha. Dzuwa litapendeka foni inalira pa benchi, pakati pa mawaya ndi timisomali. Anali iwo. "Ndamva mphwanga. Uwauze mayi ako agone."